Semesita imodzi ku Italy: Bologna, Padova, Firenze, Perugia kapena Napoli?

Wophunzira wa pa yunivesite akamva kuti mwayi wapezeka wokaphunzira semesita imodzi ku Italy, kawirikawiri amasankha mzinda ndi maso. Akangoona chithunzi cha denga lofiira la tchalitchi chachikulu cha ku Firenze, mtima umagwa pomwepo. Koma semesita ndi miyezi isanu yokha, ikachulukitsa isanu ndi umodzi, ndipo zimene zidzachititse kuti mubwereko mutapindula sizioneka pachithunzi. Muyenera kudziwa chilankhulo chimene aphunzitsi azikakuphunzitsirani, kumene muzikagona, komanso ngati zimene mukaphunzirezo zidzawerengedwe pa digiri yanu mukabwerera. Ine ndikanati ndisankhire mwana wanga, ndikanamutumiza ku Padova, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Koma si aliyense amene Padova ingamuyenere.

Musanafike posankha mzinda, dziwani khomo limene mulowere, chifukwa khomolo ndi limene limachepetsa mizinda imene mungasankhe. Khomo labwino koposa ndi la mgwirizano wa pakati pa yunivesite yanu ndi yunivesite ya ku Italy. Pulogalamu ya Erasmus+ ya mayiko a European Union ili ndi gawo lothandiza ophunzira a mayiko a kunja kwa Ulaya, Africa yomwe. Wolowera khomo limeneli salipira fizi ku yunivesite imene yamulandira, ndipo amalandira ndalama pamwezi kuphatikizapo thandizo la ulendo. Vuto lake n'lakuti simungalembere nokha ku Italy. Yunivesite yanu ndiyo iyenera kukhala ndi pangano ndi inayo, n'kukusankhani. Ndiye choyamba pitani ku ofesi yoona za maubale a kunja pa sukulu panu mukafunse kuti mapangano alipo ndi mayunivesite ati. Khomo lachiwiri ndi kulembetsa maphunziro amodziamodzi, amene kumeneko amati corsi singoli: mumalipira phunziro lililonse palokha, zina zonse n'zam'thumba mwanu. Lachitatu ndi masukulu a eni ake amene amagulitsa semesita yathunthu, nyumba ndi maulendo zili momwemo. Mitengo yake anaikonzera makolo a ku America, ndipo ambiri a ife sitingaifikire.

Kulikonse kumene mungapite, kaphunziridwe kake n'kofanana. Semesita yathunthu ndi makirediti 30, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 25 a ntchito, ya m'kalasi ndi yowerenga nokha. Mayeso amachongedwa pa 30, ndipo wopeza 18 wakhoza. Chimene chimadzidzimutsa alendo n'chakuti mayeso ambiri, makamaka a zamalamulo, mbiri yakale, zandale ndi zolembalemba, ndi apakamwa. Tsiku la mayeso mumalowa m'chipinda momwe anzanu akhala m'mabenchi kudikira nthawi yawo. Dzina lanu likaitanidwa mumakakhala moyang'anana ndi pulofesa patebulo, iye n'kufunsa funso loyamba, inu n'kumayankha onse aja akumva. Pakatha mphindi 15 kapena 20 amakuuzani malikisi pomwepo. Ngati simukukhutira mukhoza kuwakana n'kudzayesanso pa tsiku lina, chifukwa nyengo imodzi ya mayeso imakhala ndi masiku angapo. Izi zikusonyeza kuti nkhani ya chilankhulo si yamasewera. Kumvera phunziro m'Chitaliyana munthu akhoza kupirira, koma kufotokoza pakamwa mfundo ya zamalamulo pamaso pa pulofesa ndi anzako 40, Chitaliyana cha pamsika sichikwanira.

Bologna

Bologna ndiyo imabwera msanga m'maganizo, ndipo m'pomveka. Yunivesite yake imawerengera chiyambi chake kuchokera mu 1088, ndipo ndi yakale kuposa ina iliyonse ku Ulaya imene ikugwirabe ntchito. Kawerengedwe ka makirediti kamene kathandize kuti semesita yanu ivomerezedwe kwina kanafalikira chifukwa cha pangano la nduna za maphunziro limene linasainidwa mumzinda womwewu mu 1999. Ophunzira alipo oposa 80,000 pamene mzindawo uli ndi anthu osafika 400,000, choncho mukayenda mumsewu wa yunivesite wa Via Zamboni masana mudzaona ngati dziko lonse ndi la achinyamata. Maphunziro ophunzitsidwa m'Chingerezi ndi ambiri kuno, ngakhale kuti ochuluka ndi a digiri yachiwiri. Wa digiri yoyamba ayang'ane mndandanda wa maphunziro mosamala, phunziro ndi phunziro, asangokhulupirira zoti "ku Bologna kuli Chingerezi".

Chokoma cha tsiku ndi tsiku ku Bologna ndi makhonde ake. Nyumba za m'misewu zili ndi makhonde a zipilala olumikizana, pafupifupi makilomita 40 pakati pa mzinda pokha, moti mukhoza kuchoka kunyumba kukafika m'kalasi mvula ikugwa osanyowa. Bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2021. Khonde lalitali koposa limakwera phiri mpaka ku tchalitchi cha San Luca, mtunda wa makilomita pafupifupi anayi, ndipo Lamlungu anthu amalikwera ena akupemphera, ena akuthamanga. Komanso Bologna ili pamphambano ya njanji: sitima yothamanga imafika ku Firenze m'mphindi zosakwana 40, ku Milano pafupifupi ola limodzi, ku Roma maola awiri ndi pang'ono.

Koma walira mvula walira matope. Aliyense akufuna Bologna, ndiye chipinda chimasowa. Mu 2023 ophunzira a m'mizinda ingapo ya ku Italy anamanga matenti panja pa mayunivesite potsutsa kukwera kwa lendi. Zinayambira ku Milano n'kufikanso ku Bologna ndi mizinda ina. Mlendo wa miyezi isanu amavutika kuposa ena chifukwa eni nyumba amafuna wa chaka chathunthu. Palinso anthu akuba pa intaneti amene amaonetsa zithunzi za chipinda chokongola n'kufuna dipoziti munthu asanafike. Musatumize ndalama kwa munthu amene simunamutsimikizire kudzera ku ofesi ya yunivesite. Chinanso chimene ambiri amachidziwa mochedwa: yunivesite ya Bologna ili ndi nthambi ku Forlì, Cesena, Ravenna ndi Rimini. Mwachitsanzo, maphunziro omasulira zilankhulo ali ku Forlì. Kumeneko nyumba imapezeka mosavutirapo, koma si Bologna ya makhonde ija.

Padova

Yunivesite ya Padova inayamba mu 1222, pamene gulu la aphunzitsi ndi ophunzira linachoka ku Bologna kufuna ufulu wochuluka. Kwa wophunzira zasayansi, zaudokotala, zaulimi kapena uinjiniya, mbiri ya malo ano imakhudza mwachindunji zimene akuphunzira. Galileo Galilei anaphunzitsa kuno kuyambira 1592 mpaka 1610. William Harvey, amene anadzafotokoza mmene magazi amazungulira m'thupi, anatenga digiri yake ya udokotala kuno mu 1602. Mu 1678 Elena Cornaro Piscopia analandira digiri ya ukachenjede wa filosofe, ndipo amadziwika kuti ndi mayi woyamba kulandira digiri yotere. Munda wa zomera wa yunivesiteyi unakhazikitsidwa mu 1545 pofuna kuti ophunzira aziona ndi maso mitengo ya mankhwala, asamasokoneze mankhwala ndi poizoni, ndipo ulipobe pamalo omwewo.

M'nyumba yaikulu ya yunivesite, Palazzo Bo, muli chipinda chophunzitsira za thupi la munthu chimene chinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. N'chamatabwa, chopapatiza pansi n'kumatambasuka m'mwamba, ndi mizere isanu ndi umodzi yozungulira. Mulibe mipando. Ophunzira ankaima mothithikana atatsamira kampanda, onse akuyang'ana pansi pomwe panali tebulo la mtembo, kuwala kwake kwa makandulo. Masiku ano alendo amalowa chapansi n'kuyang'ana m'mwamba, pamalo pomwe mtembowo unkagona. Wophunzira zaudokotala amene waphunzira mafupa ndi mitsempha m'buku akaima pamenepo amamvetsa kuti zimene zili m'bukumo anthu anachita kuzifufuza ndi mpeni, ena akuonerera kuti atsimikize.

Mbiri yokha siingakhale chifukwa chosankhira mzinda. Chimene ndimaikondera Padova ndi kukula kwake. Anthu ndi 200,000 ndi pang'ono, ophunzira oposa 60,000, malo ndi achidikha, ndipo njinga yakale imakufikitsani kulikonse. Alendo odzaona malo alipo, ena amabwera ku tchalitchi cha Antonio Woyera, ena kudzaona zojambula za Giotto pamakoma a katchalitchi ka Cappella degli Scrovegni za cha m'ma 1305, koma chikhamu chachikulu chimapitirira ku Venezia. Zotsatira zake, wogulitsa masamba pamsika wa Piazza delle Erbe amakulankhulani m'Chitaliyana n'kudikira kuti muyankhe, ndipo umu ndi mmene chilankhulo chimaloweramo. Venezia yomweyo ili pamtunda wa theka la ola pa sitima wamba ya mtengo wochepa, mukhoza kupita m'mawa n'kubwera madzulo. A zaulimi ndi zaziweto amaphunzirira ku Agripolis, ku Legnaro, kunja kwa mzinda pang'ono. A zaumoyo adziwenso kuti likulu la bungwe la Medici con l'Africa CUAMM lili ku Padova. Bungweli linayamba mu 1950 ndipo limagwira ntchito m'zipatala za ku Mozambique, Tanzania ndi mayiko ena a mu Africa, choncho mumzindamu muli madokotala amene malungo ndi uchembere wakumudzi anaziona ndi maso.

Pa nkhani ya m'mimba, dera la Veneto limadya polenta, yomwe amaphika ndi ufa wachimanga movundula ngati nsima, ndipo kumeneko ufa woyera umapezeka m'sitolo wamba, osati wachikasu wokha. Wokhala miyezi isanu kutali ndi kwawo sanganyoze zimenezi.

Zovuta zilipo. Nyumba ku Padova nakonso yayamba kusowa, ngakhale kuti midzi yozungulira imafikika pa basi ndi sitima. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale chigwa cha mtsinje wa Po chimakutidwa ndi chifunga chozizira, dzuwa limatha masiku osaoneka, ndipo mu Disembala kumada 5 koloko isanakwane. Izi n'chimodzimodzi ku Bologna. Usiku mzinda umagona msanga poyerekeza ndi Bologna, ndiye wofuna phokoso adzadandaula.

Firenze

Palibe angatsutse kukongola kwa Firenze. Denga la tchalitchi chachikulu lija, ntchito ya mmisiri Brunelleschi, lomwe linatha kumangidwa mu 1436, likadali lodabwitsa, ndipo kwa wophunzira mbiri ya luso, zomangamanga kapena kukonza zojambula zakale, kalasi yeniyeni ndi msewu womwewo ndi nyumba yosungiramo zojambula ya Uffizi. Munthu wotere apite, asamvere wina aliyense. Kwa ena onse ndili ndi nkhawa. Pakati pa mzinda ndi podzaza alendo chaka chonse, nyumba zambiri anazisandutsa zogona apaulendo, ndipo lendi ndi yokwera. Mayunivesite a ku America monga New York University ndi Syracuse ali ndi nthambi zawo kuno, moti n'zotheka kutha semesita yonse mukulankhula Chingerezi ndi alendo anzanu, osapeza mnzanu Mtaliyana ndi mmodzi yemwe. Ndipo mukalowa yunivesite ya boma ya Firenze, makalasi anu mwina sadzakhala pafupi ndi zokongolazo. Zachuma, zandale ndi zamalamulo zili ku Novoli, sayansi yambiri ili ku Sesto Fiorentino, zaudokotala ku Careggi. Mudzalipira mtengo wa Firenze koma n'kumakhalira kukwera basi. Wokhala ku Bologna amaona Firenze Loweruka n'kukagona kwawo.

Perugia ndi Siena

Ngati cholinga chanu chachikulu ndi kuphunzira Chitaliyana chenichenicho, mizinda iwiri iyi ndiyo yanu. Yonse ili ndi yunivesite yapadera ya alendo, Università per Stranieri, pambali pa yunivesite yake yakale: ya Siena ndi ya mu 1240, ya Perugia ya mu 1308. Ya alendo ku Perugia inayamba m'zaka za m'ma 1920 ndipo imapereka satifiketi ya chilankhulo ya CELI, pamene ya ku Siena imapereka CILS. Masatifiketi awiriwa ndi ovomerezeka mukadzafuna kubwereranso kukachita digiri yathunthu m'Chitaliyana. Kuno simuchita manyazi ndi chilankhulo chothyokathyoka, pakuti m'kalasi aliyense ndi mlendo, wina wa ku China, wina wa ku Brazil, wina wa ku Cameroon.

Perugia ili pamwamba pa phiri. Pochoka kumunsi mumakwera masitepe oyenda okha amene amadutsa mkati mwa Rocca Paolina, linga la m'zaka za m'ma 1500 limene linamangidwa pamwamba pa nyumba za anthu, ndipo misewu yawo yakale ikuonekabe pansi pa nthaka. Kuyambira 2008 kulinso kasitima kakang'ono ka Minimetrò. Zinthu ndi zotsikirapo mtengo kusiyana ndi Bologna kapena Firenze, ndipo Assisi ili pafupi. Siena ndi yaing'ono kwambiri, anthu ake ndi 50,000 ndi pang'ono, ndipo moyo wake wonse umazungulira pa bwalo la Piazza del Campo ndi madera ake 17. Koma musapite chifukwa cha mpikisano wa akavalo wa Palio: umachitika pa 2 Julaye ndi pa 16 Ogasiti, wa semesita yoyamba sadzauona n'komwe. Mizinda yonse iwiri ili kutali ndi njanji ya sitima zothamanga, choncho ulendo uliwonse umadya nthawi. Chofunika kufunsa musanapite n'chakuti kodi yunivesite yanu idzawerengera maphunziro a chilankhulo pa digiri yanu? Wa zaulimi kapena uinjiniya akhoza kubwera ndi Chitaliyana chabwino koma n'kubwereza semesita.

Napoli, ndi mawu ochepa pa Roma

Anthu ambiri amaidumpha Napoli chifukwa cha mbiri ya phokoso ndi umbava wa m'matumba, koma ine ndimaiika pachiwiri kwa amene thumba lawo n'lopepuka. Chakudya n'chotchipa, nyengo yozizira siluma ngati kumpoto, ndipo anthu ake sadikira kuti muyambe ndinu kulankhula. Yunivesite ya Federico II inakhazikitsidwa ndi mfumu Frederick II mu 1224, ndipo a zaulimi amaphunzirira m'nyumba yakale yachifumu ku Portici, m'munsi mwa phiri la Vesuvio. Palinso L'Orientale, imene inayambitsidwa ndi wansembe Matteo Ripa mu 1732 ngati sukulu ya achinyamata a ku China. Lero imaphunzitsa zilankhulo za ku Asia ndi Africa, kuphatikizapo Chiswahili, Chihausa ndi Chiamhariki. Wophunzira zilankhulo za Chibantu kapena mbiri ya Africa adzapeza aphunzitsi amene nkhani zake akuzidziwa kale, ndipo iye mwini adzakhala ndi chopereka m'kalasi. Pompei, mzinda umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvio m'chaka cha 79 AD, uli panjira ya sitima ya Circumvesuviana. Chovuta n'chakuti mayendedwe ndi maofesi amafuna mtima wodekha, ndipo mumsewu mudzamva Chinapoli, chimene n'chosiyana ndi Chitaliyana cha m'buku.

Roma ndi nkhani ina. Sapienza, ya mu 1303, ili ndi ophunzira oposa 100,000, ndipo mzindawo ndi waukulu moti tsiku limathera m'mabasi. Imayenera amene ali ndi chifukwa chenicheni, monga a zaumulungu, a zofukulidwa pansi, kapena ofuna kukhala pafupi ndi mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi ulimi, FAO, WFP ndi IFAD, omwe malikulu awo ali kumeneko.

Semesita iti, ndi mapepala

Semesita yoyamba imayamba chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, mayeso ake amakhala mu Januwale ndi Febuluwale. Yachiwiri imayamba chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, mayeso mu Juni ndi Julaye. Ngati kalendala ya sukulu yanu ikulola, sankhani yachiwiri. Mumafika kuzizira kukutha, masiku akutalika, ndipo zipinda zina zimakhala zitasiyidwa ndi alendo a semesita yoyamba. Palinso chifukwa cha ndalama. Wophunzira wachilendo akhoza kulembetsa ku zaumoyo za boma, ndipo kuyambira 2024 mtengo wake ndi mayuro 700, koma umayendera chaka cha kalendala n'kutha pa 31 Disembala. Wofika mu Seputembala amafunika kulipira kawiri, apo ayi atenge inshulansi ya kampani.

Wokhala masiku oposa 90 amafunika viza ya mtundu wa D ya maphunziro. Ofesi ya kazembe wa Italy ku Lusaka ndiyo imayang'anira Zambia ndi Malawi yemwe, ndiye wa ku Malawi awerengere nthawi ndi ndalama za zimenezi msanga, kalata yomuvomera ikangofika. Mukatera ku Italy muli ndi masiku asanu ndi atatu a ntchito oti mupemphe chilolezo chokhalira, permesso di soggiorno. Mumatenga envulopu ya mafomu ku positi ofesi, mumagula sitampa ya boma ya mayuro 16 m'kasitolo ka fodya kokhala ndi chikwangwani cha chilembo T, n'kukapereka zonse pawindo pamodzi ndi mafotokope a pasipoti, kalata ya yunivesite ndi umboni wa inshulansi. Kalaliki amakupatsani lisiti ndi tsiku lopita ku Questura, likulu la apolisi, kukadinda zala. M'mizinda ikuluikulu tsikulo likhoza kutalika kwambiri, choncho lisiti ija ndiyo umboni wanu wakuti mukukhala movomerezeka, ndipo muzisunga pamodzi ndi pasipoti. Mudzafunikanso nambala ya msonkho, codice fiscale, popeza popanda iyo simungasaine kontirakiti ya nyumba. Chilolezo cha wophunzira chimalola kugwira ganyu maola 20 pa mlungu, koma musawerengere ndalamayo pokonza bajeti, chifukwa mlendo wa miyezi isanu wosadziwa bwino chilankhulo saipeza msanga. Chakudya chotchipa chimapezeka ku mensa, kantini ya ophunzira, imene imayendetsedwa ndi mabungwe a boma a m'dera, ER.GO ku Bologna ndi ESU ku Padova.

Pepala lofunika kuposa onsewa limasainidwa musananyamuke. Ndi pangano la maphunziro, losonyeza phunziro lililonse limene mukatenge ku Italy ndi phunziro la kwanu limene likulowedwa m'malo, ndipo mkulu wa dipatimenti yanu ayenera kulisaina. Ikanimo maphunziro ena apadera awiri kapena atatu, chifukwa mukafika mudzapeza kuti lina lasamutsidwira semesita ina, kapena awiri akugundana nthawi. Mukasintha chilichonse, tumizani kwanu asainenso mwezi woyamba usanathe.